Mwana akalandira mendulo, tifunsenso amene anagona pa ntchito

Pa 2 Okutobala 1957 khamu la anthu linadzaza bwalo la Ramlila mumzinda wa Delhi, ku India. Inali nyengo ya Navratri, masiku amene Ahindu amaonera Ramlila, sewero la moyo wa mulungu wawo Rama, usiku ndi usiku, mpaka lifike tsiku la Dussehra lotentha chifanizo cha Ravana, mfumu ya mitu 10 imene inaba Sita, mkazi wa Rama. Nduna yaikulu ya dzikolo, Jawaharlal Nehru, inali pomwepo kuonera nawo. Mwadzidzidzi chinsalu cha tenti yaikulu chinagwira moto, ndipo nkhaniyi ikamakambidwa ambiri amaloza mawaya a magetsi kuti ndiwo anathetheka. Mnyamata wa zaka 14 wa gulu la ma Scout, Harish Chandra Mehra, anasolola mpeni wake n'kudula chinsalu choyakacho, anthu mazanamazana n'kupulumuka. Nehru anaona zonsezi ndi maso ake. Analamula kuti dziko lipeze njira yolemekezera ana otere, ndipo pa 4 Febuluwale 1958 Harish analandira mphoto yoyamba, imene inadzadziwika kuti National Bravery Award.

Choncho ulemu wa dziko la India kwa ana olimba mtima unabadwira pa chikondwerero cha Ahindu. Anthu amaikonda nkhaniyi, inenso ndimaikonda. Koma zinatheka bwanji kuti pamalo pamene panali mtsogoleri wa boma, apolisi ndi okonza mwambo, chitetezo chomaliza cha khamu lonselo chikhale mwana wasukulu ndi mpeni wa m'thumba? Ine maganizo anga ndi oti mendulo ya kulimba mtima ndi chinthu chabwino, koma kawirikawiri kuseri kwake kumakhala munthu wamkulu amene anagona pa ntchito. Dziko likamafuula dzina la ngwazi pa perete, la wogonayo osalitchula, ulemuwo umayamba kugwira ntchito yobisa mlandu.

Zabwino za mphotoyi sindikuzikana ayi. Kwa zaka zoposa 60 bungwe la Indian Council for Child Welfare linkasankha ana a zaka 6 mpaka 18 ochokera m'madera onse a dzikolo. Ambiri anali akumidzi: wina anavuula mnzake mumtsinje, wina analimbana ndi nyalugwe wofuna kugwira mng'ono wake, atsikana ena anakana kukwatiwa ali aang'ono makolo ali chilili. Pa 26 Januwale, tsiku limene India imakumbukira kuyamba kugwira ntchito kwa malamulo ake aakulu mu 1950, anawa ankadutsa pa perete wa ku New Delhi atakwera njovu, mpaka pamene njovuzo zinalowedwa m'malo ndi magalimoto opanda denga. Kwa mwana wa mlimi wosauka, kuonekera pamaso pa dziko lonse chonchi si nkhani yamasewera. Mu 1978 anawonjezera mphoto ziwiri zokumbukira Geeta ndi Sanjay Chopra, mtsikana ndi mlongo wake amene anabedwa ku Delhi, n'kuphedwa atalimbana kwambiri ndi owabawo. Mu 2019 boma linasiyana ndi bungwe lija khothi lalikulu la ku Delhi litakayikira kayendetsedwe kake ka ndalama, ndipo mphoto ya kulimba mtima inalowa m'gulu la mphoto zina za ana zimene boma limapereka lokha. Nazonso zimenezi n'zophunzitsa, kuti ngakhale osunga ulemu wa ana amafunika wowayang'anira.

Kulumikizana kwa zikondwerero ndi mamendulo sikuthera pa moto wa 1957 uja. Zikondwerero zikuluzikulu za Ahindu, mukaziona bwino, zambiri zimakamba za kulimba mtima. Navratri ndi masiku 9 okumbukira nkhondo ya mulungu wamkazi Durga ndi chiwanda Mahishasura. Dussehra ndi kugonja kwa Ravana. Diwali, chikondwerero cha nyali chimene anzathu a Chihindu a ku Limbe, Blantyre ndi Lilongwe amachitanso, kwa ambiri chimakumbutsa kubwerera kwa Rama ku Ayodhya atakhala zaka 14 kuthengo. Holi, yodziwika ndi kuwazana utoto, imayamba ndi moto wa usiku wokumbukira Prahlad, mwana amene anakana kulambira bambo ake, mfumu Hiranyakashipu. Azakhali ake a Holika anakhala naye pamoto poganiza kuti iwo sapsa, koma anapsa ndi iwowo, mwana n'kutuluka wamoyo. Mwana amene wakula akumva nkhani zimenezi chaka ndi chaka, akuona oyandikana nawo atavala ngati Rama ndi Hanuman, mulungu wa nkhope ya nyani amene anathandiza Rama, pabwalo la m'dera lawo, amadziwa kuti pakagwa zoopsa munthu sathawa yekha.

Boma nalonso linatunga pachitsime chomwecho. Mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali pa nkhondo, Param Vir Chakra, inakhazikitsidwa pa 26 Januwale 1950. Anaijambula ndi Savitri Khanolkar, mayi wobadwira ku Switzerland amene anakwatiwa ndi msilikali wa ku India. Pa menduloyo anaikapo zithunzi 4 za vajra, chida cha mulungu Indra. Nkhani ya Ahindu imati chidacho chinapangidwa ndi mafupa a munthu woyera dzina lake Dadhichi, amene anapereka moyo wake kuti milungu ipeze chogonjetsera chiwanda Vritra. Anthu 21 okha ndiwo alandirapo menduloyi, ndipo 14 mwa iwo anailandira atamwalira kale. Woyamba anali Somnath Sharma, amene anafera ku Badgam, ku Kashmir, mu Novembala 1947. Chimene ndimayamikira n'chakuti ngakhale chizindikiro chake n'cha Chihindu, menduloyi sinasankhe chipembedzo. Abdul Hamid wa nkhondo ya 1965 anali Msilamu, Ardeshir Tarapore wa nkhondo yomweyo anali wa chipembedzo cha Aparsi, Albert Ekka wa 1971 anali Mkhristu, Nirmal Jit Singh Sekhon anali Msikh. Mmodzi anafera kuno ku Africa: Gurbachan Singh Salaria anaphedwa mu Disembala 1961 ku Elisabethville, mzinda umene lero ndi Lubumbashi, ali pa ntchito ya bungwe la United Nations ku Katanga.

Koma msilikali ndi nkhani ina. Iye analumbira, anaphunzitsidwa, amalipidwa, ndipo mdani wake amadziwika. Wopita ku chikondwerero sanalumbire chilichonse. Wanyamula maluwa, kokonati ndi mwana kumsana. Iyeyu akafunika kukhala ngwazi kuti abwerere kunyumba wamoyo, ndiye kuti penapake pavunda.

Taonani zimene zinachitika ku Amritsar pa 19 Okutobala 2018, tsiku la Dussehra. Okonza mwambo anaimika chifanizo cha Ravana pabwalo loyandikana ndi njanji, pamalo otchedwa Joda Phatak. Bwalo linachepa, ndipo anthu ambiri anakaima panjanji penipeni kuti aone bwino, ena akujambula ndi mafoni. Chifanizo chitayatsidwa, makombola a mkati mwake anayamba kuphulika. Phokoso lake linameza kulira kwa sitima imene inkachokera ku Jalandhar. Sitimayo inadutsa pakati pa anthu, n'kupha pafupifupi 60 m'kuphethira kwa diso. Mmodzi mwa akufawo anali mwamuna amene ankasewera ngati Ravana mu Ramlila ya m'deralo, ndipo achibale ndi mboni anati anafa akukankhira anthu kunja kwa njanji. Taganizirani, munthu amene usiku ndi usiku ankavala nkhope ya woipa ndiye anathamangira kukapulumutsa anzake. Nkhani yakeyo inafala dziko lonse, ndipo inayenera kufala.

Nanga amene analola kuti moto ndi makombola zikhale pafupi ndi njanji yodutsa sitima? A zanjanji anati sanauzidwe za mwambowo, ndipo anthuwo anaima pamalo oletsedwa. Okonza mwambo anati anachenjeza anthu pa chimkuzamawu. Andale anayamba kulozana zala. Chinkafunika tsiku limenelo sichinali ngwazi ayi, koma munthu mmodzi woimba foni kwa oyendetsa sitima kuti achepetse liwiro pakati pa nthawi yakutiyakuti, kapena wapolisi wokana kuti moto uyatsidwe anthu asanachoke panjanji. Ntchito yotopetsa, yosajambulika, yopanda woimbira m'manja.

Mndandanda wa ngozi zotere ndi wautali, ndipo nkhope yake ndi imodzimodzi. Mu Sepitembala 2008, tsiku loyamba la Navratri, anthu oposa 200 anafa popondana pa njira yopapatiza ya ku kachisi wa Chamunda Devi ku Jodhpur. Mu Okutobala 2013, nyengo ya Navratri yomweyo, anthu 115 anafa pa mlatho wa ku Ratangarh ku Madhya Pradesh itamveka mphekesera yoti mlathowo ukugwa. Pa 30 Okutobala 2022, anthu ali patchuthi cha Diwali, mlatho wakale wolenjekeka pa zingwe wa ku Morbi ku Gujarat unaduka n'kupha anthu osachepera 135, ana ambiri ali momwemo. Unali utangotsegulidwanso masiku 4 m'mbuyomo, itaukonza kampani yodziwika ndi kupanga mawotchi. Pa ngozi iliyonse mwa izi panapezeka anyamata odumphira m'madzi ndi amayi okweza ana a eni m'mwamba. Zikufanana ndi mwini nyumba amene denga lake limadontha dzinja lililonse, iye n'kumatama mwana wothamanga ndi beseni, udzu wofolera osaumweta.

Ngozi imene imandikhudza kwambiri pa mfundo yangayi ndi ya ku kachisi wa Puttingal, m'boma la Kollam ku Kerala. Kumeneko kunali mwambo wa mpikisano wa makombola pa chikondwerero cha pachaka. Mu 2016 akuluakulu a boma la Kollam anakana kupereka chilolezo cha mpikisanowo poopa ngozi. Kukana chinthu chokhudza kachisi, pamalo pamene anthu amati makolo athu ankachita chonchi, komanso chisankho cha m'chigawocho chili pafupi, kumafuna mtima wa mkango. Okonza mwambo sanamvere, ndipo palibe anawaletsa pabwalopo. M'bandakucha wa pa 10 Epulo khombola lina linagwera pa nyumba yosungiramo makombola, yonse n'kuphulika. Anthu oposa 100 anafa, mazana ena anavulala.

Tsopano tiyerekeze kuti kukana kuja kunamveredwa. Anthu akanabwerera kwawo okwiya. Bwanamkubwa akanatukwanidwa kuti ndi mdani wa chipembedzo, mwina akanasamutsidwa kumene. Palibe akanadziwa kuti anthu 100 amene akudya mpunga m'nyumba zawo mawa lake ali moyo chifukwa cha siginecha yake. Apa ndiye pagona kupendekeka kwa mamendulo a kulimba mtima, ku India ngakhale kwina kulikonse: amaona wozimitsa moto, koma woletsa kuti moto usayambe samuona. Dziko limalipira mtundu umodzi wa kulimba mtima n'kumalanga mtundu winawo, kenako n'kumadabwa kuti ogwira ntchito m'boma amasainira chilichonse chimene wandale wabwera nacho.

Wina anena kuti ndikulankhula ngati munthu amene sanaonepo kuchuluka kwa anthu a ku India. Mfundo imeneyi ndi yolemera, sindingaikankhire pambali. Kumbh Mela, mwambo waukulu wa Ahindu wosamba mumtsinje woyera, ya 2025 ku Prayagraj inatenga masiku 45, kuyambira pa 13 Januwale mpaka 26 Febuluwale, ndipo boma linati anthu okasamba kumeneko anapitirira 600 miliyoni. Ngakhale mutadula chiwerengerocho pakati chifukwa ena anawerengedwa kawiri, palibe dziko lina limene limasonkhanitsa anthu otere pagombe la mtsinje, kuwamangira mzinda wa matenti, milatho yoyandama, zimbudzi, magetsi ndi zipatala, kenako n'kuphwasula zonse madzi asanasefukire. Ogwira ntchito imeneyi, makamaka osesa ndi otapa zimbudzi amene ambiri ndi a magulu onyozeka, amachita zodabwitsa. Pa khamu lotere, atero wotsutsayo, ngozi singalephere.

Yankho langa lili pa kalendala. Ngozi yaikulu yoyamba ya Kumbh Mela India italandira ufulu inachitika pa 3 Febuluwale 1954, ndipo anthu mazanamazana anafa. Linali tsiku la Mauni Amavasya, tsiku la mwezi wakuda limene Ahindu amakhulupirira kuti kusamba pa Sangam, pokumana mitsinje ya Ganga ndi Yamuna, kuli ndi madalitso oposa. Pa 10 Febuluwale 2013 anthu oposa 30 anafa popondana pa siteshoni ya sitima ya mumzinda womwewo. Linali tsiku la Mauni Amavasya. Pa 29 Januwale 2025, usiku kusanache, mipanda inathyoka ndipo khamu linaponda anthu amene anagona pagombe podikira nthawi yosamba. Boma linati anafa 30, atolankhani ena atafufuza anapeza ochuluka kuposa pamenepo. Linalinso tsiku la Mauni Amavasya. Mzinda umodzi, tsiku limodzi lodziwikiratu zaka zambiri lisanafike, malo amodzi amene aliyense akufuna kufikapo. Imeneyi si mphenzi yogwa popanda mitambo. Ndipo zimene boma la Uttar Pradesh, chigawo chimene muli mzinda wa Prayagraj, linachita ngoziyo itangochitika zikuulula zambiri: linathetsa ziphaso zapadera za anthu olemekezeka, linaletsa magalimoto m'dera la chikondwerero, linakhazikitsa njira zoyenda mbali imodzi. Zonsezi zinali zotheka dzulo lake. Kenako panabwera chipepeso cha ndalama kwa mabanja ndi komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza wopuma, monga mwa nthawi zonse.

Pasakhale wondimva molakwa kuti ndikuloza chala chipembedzo cha Chihindu. Munthu wofuna kusamba mumtsinje umene amauona woyera sanalakwe kanthu. Kupondana sikusankha kachisi: kunachitika ku Mina pa Haji ya 2015, kunachitika pa phiri la Meron ku Israel mu 2021, kunachitika m'kanjira ka ku Itaewon mumzinda wa Seoul mu 2022 achinyamata akungosangalala. Nafenso sitinaiwale pa 6 Julayi 2017, pamene anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pa zipata za bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe pa tsiku lokumbukira ufulu wathu, zipata zitachedwa kutsegulidwa. Paliponse nkhani ndi ya zipata, njira zotulukira, nthawi, ndi amene ali ndi mphamvu yonena kuti basi, pano padzaza. Chimene chimasiyanitsa zikondwerero zachipembedzo n'chakuti wogwira ntchito amaopa kunena mawu amenewo, ndipo wandale amapeza pobisala. Akati zinali zolembedwa, kapena akayamba kutama ngwazi za tsikulo, mafunso amazizira.

Pali chinanso chimene chimandisowetsa mtendere pa mphoto ya ana makamaka. Pafupifupi chaka chilichonse pamndandanda pamakhala ana amene mendulo yawo amailandira ndi makolo, chifukwa eni ake anafa populumutsa ena, kawirikawiri m'madzi. Sindikunena kuti mwana amadumphira mumtsinje chifukwa chofuna mendulo; pa nthawi imeneyo saganiza za New Delhi. Koma dziko liyenera kusamala ndi phunziro limene likupereka. Mu Sepitembala 2024, pa chikondwerero cha Jitiya ku Bihar, anthu 46 anamira m'mitsinje ndi m'maiwe m'maboma osiyanasiyana, ndipo 37 mwa iwo anali ana. Jitiya ndi mwambo umene amayi amasala kudya ndi kumwa popempherera moyo wautali wa ana awo. Mitsinje inali yodzaza ndi madzi a mvula, ndipo tsiku la kusambako linkadziwika kwa aliyense. Mwana wa ku Bihar akufunika kuphunzitsidwa kusambira, akufunika chingwe chosonyeza pamene payambira kuya, akufunika munthu wamkulu wa bwato woima pagombe tsiku limenelo. Izi zikasowa, kumuuza nkhani za ana olimba mtima ndi kumusenzetsa katundu wa akuluakulu.

Ndiye ndikufuna chiyani? Mamendulo asathe. Harish Chandra Mehra anayenera ulemu wake, ndipo Neerja Bhanot, wogwira ntchito m'ndege amene anaphedwa ku Karachi mu 1986 akuteteza okwera ndege imene inalandidwa ndi zigawenga, anayenera Ashoka Chakra yake, mendulo yapamwamba ya nthawi ya mtendere. Kulanda ulemu kwa otere chifukwa cha zolakwa za ena kungakhale kulakwa kwachiwiri. Chimene ndikufuna n'chakuti mendulo iliyonse yochokera pa ngozi yopeweka iziyenda ndi chikalata china, chowerengedwa poyera tsiku lomwelo: chinayambitsa ngoziyi n'chiyani, anali ndi udindo ndani, mlandu wake uli pati, chasintha n'chiyani pamalopo. Nduna imene ikufuna kujambulitsa ndi mwana wovala mendulo iyambe yayankha zimenezo. Malipoti a makomiti ofufuza ku India amatenga zaka, ena satuluka n'komwe, pamene mwambo wopereka mphoto suchedwa ndi tsiku limodzi.

Chachiwiri, pakhale ulemu wa dziko, wolemera mofanana, kwa oletsa ngozi: injiniya wokana kusainira mlatho, wapolisi wotseka chipata pamaso pa galimoto ya nduna, wansembe wa pakachisi wouza anthu ake kuti chaka chino makombola ayi. Wansembeyu mwina ndiye wofunika kuposa onse, chifukwa mawu ake khamu limawamva kuposa a wapolisi. Ena adzati ngozi imene sinachitike siyezeka, ndiye komiti ingasankhe bwanji. Zoona, n'zovuta kuposa kuwerenga anthu ovuulidwa m'madzi. Koma si nthawi zonse pamene umboni umasowa. Ku Kollam chikalata chokana chilolezo chinalembedwa mpikisano usanachitike, chili ndi deti ndi dzina la wosaina, ndipo zimene zinatsatira atachinyoza dziko lonse linaziona. Komiti yosankha ingayambire pa zikalata ngati chimenecho.